Mfuti iliyonse ikhale ndi woiyankhira

Mbava zikathyola khola usiku n'kukusa mbuzi zonse, kapena zikatchingira munthu panjira atangogulitsa thonje, m'mawa mwake pabwalo la a mfumu pamamveka mawu amodzimodzi: "Ndikadakhala ndi mfuti, zimenezi sizikadachitika." Wonena mawuwa si munthu woipa ayi. Ndi bambo amene watopa n'kugona khutu lili kukhola, kapena mayi wa pabenchi ya Airtel Money ndi Mpamba amene amaweruka kutada, ndalama za eni zili m'kachikwama, mtima uli phaphapha. Mantha awo ndi enieni, ndipo ayenera kuyankhidwa moona. Munthu wa ku Rivirivi ndi madera oyandikana nako, monga Utale, Nkaya ndi Phalula, ayenera kudziwa zimene malamulo akunena pa za mfuti, kaya ndi yake, ya mnansi wake, kapena ya boma.

Tiyambire pa malamulo aakulu oyendetsera dziko lino a 1994. Ndime 16 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo palibe wololedwa kumuchotsera moyowo mwachisawawa. Ufulu umenewu suimitsidwa ngakhale boma litalengeza kuti dziko lili pangozi. Koma mutasanthula buku lonselo, simupezamo ndime yopatsa munthu ufulu wokhala ndi mfuti. Kwathu kuno mfuti munthu amachita kupempha chilolezo, ndipo boma likhoza kumukaniza, kapena kumulanda chilolezocho pambuyo pake.

Ku America zinthu n'zosiyana, chifukwa malamulo awo amati kukhala ndi mfuti ndi ufulu wa nzika. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva lidayerekeza kuti mu 2017 anthu wamba kumeneko adali ndi mfuti 120 pa anthu 100 alionse, mfuti kuchuluka kuposa eni dziko. Ku Malawi lidayerekeza mfuti pafupifupi 47,000, kutanthauza mfuti zitatu pa anthu 1,000. Ana a sukulu ku America amaphunzitsidwa kutseka chitseko n'kubisala duu, pokonzekera tsiku limene wina adzalowe n'kuyamba kuwombera. Ana athu ambiri akusowa madesiki ndi mabuku, zoona, koma mphunzitsi wawo sagona akuganiza zimenezo. Ine ndimaona kuti kuchepa kwa mfuti ndi chuma chimene tili nacho osachizindikira. Chodetsa nkhawa n'chakuti zambiri mwa mfuti 47,000 zija sizidalembetsedwe paliponse.

Lamulo loyang'anira mfuti ndi Firearms Act la 1967, lomwe m'mabuku a malamulo lili pa mutu 14:08. Wofuna mfuti amayambira kupolisi, kukalemba fomu n'kufotokoza chimene akuifunira. Apolisi amafufuza mbiri yake: kodi adapalamulapo mlandu, kodi mutu wake ukuyenda bwino, kodi ndi munthu wandewu kapena womwa mwauchidakwa, kodi ali ndi posungira podalirika. Kaundula wa mfuti amasungidwa ndi mkulu wolembetsa mfuti kulikulu la polisi ku Area 30, ku Lilongwe. Chilolezo chimayamba, kugula kumabwera pambuyo, ndipo laisensi yake imakonzedwanso chaka ndi chaka. Laisensiyo ndi ya munthu mmodzi ndi mfuti imodzi yokhala ndi nambala yake. Kubwereketsa mfuti kwa mlamu wanu kuti akathamangitsire anyani kumunda ndi mlandu kwa nonse awiri. Ikabedwa kapena kutayika, kanenani kupolisi tsiku lomwelo.

Pali malo amodzi pamene mabanja abwinobwino amagwera m'mlandu osadziwa, ndipo mpogawa chuma cha masiye. Maliro atha, abale akhala pamphasa pakhonde, a malume akutulutsa katundu wa malemu mmodzimmodzi: njinga ipite kwa uje, wailesi kwa uje, jekete kwa mwana wamkulu. Kenaka wina alowa kuchipinda n'kutuluka ndi mfuti yokulungidwa m'chiguduli, imene malemu ankasakira nguluwe kale. Onse angogwirizana kuti imeneyi atenge mphwawo. Pamenepo mphwawoyo wasanduka wopalamula, ngakhale malemu adali ndi mapepala onse, chifukwa laisensi idali ya malemuwo basi. Choyenera n'kudziwitsa apolisi kuti akaisunge, ndipo woifunayo akapemphe chilolezo chakechake monga wina aliyense.

Mfuti zina munthu wamba sangapatsidwe chilolezo chake ngakhale atakhala wolemera bwanji. Izi ndi mfuti zankhondo zolavula zipolopolo motsatizana, monga AK-47. Ndime 16 ya Firearms Act imaziika m'gulu la zida zoletsedwa, ndipo wopezeka nayo akhoza kukaseweza mpaka zaka 14. Zipolopolo nazo zimafuna chilolezo. Chimodzi chokha chopezeka m'thumba la buluku n'chokwanira kumugoneka munthu m'chitokosi. Nayo gogodera, yosulidwa ndi paipi n'kumaithira wonga, ndi mfuti pamaso pa lamulo, ndipo anthu amamangidwa nayo. Kwa oyandikira nkhalango ya Liwonde, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, dziwani kuti kulowa m'paki ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu pawokha, ndipo kuchokera pamene lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere akhoza kulandira zaka 30.

Nanga mfuti zopanda mapepalazi zidachokera kuti? Yang'anani pamene takhala. Kumadzulo, mapiri a ku Ntcheu kumene Rivirivi amachokera adachita malire ndi chigawo cha Tete. Kum'mawa, njanji yochoka pa Nkaya kudutsa pa Liwonde imakatulukira pa Nayuchi kulowa m'chigawo cha Niassa. Uku Mozambique, uku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idatenga zaka 15, kuyambira 1977 mpaka pangano la mtendere limene lidasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira kwathu kuno. Othawawo adali amayi, ana ndi nkhalamba ofuna pogona, ndipo tidachita bwino kuwalandira. Koma nkhondo itatha, mfuti zambiri sizidabwezedwe. Zina zidakwiriridwa m'tchire, zina zidagulitsidwa pamtengo wozizira, ndipo zidadutsa njira zachidule zimene amalonda a chimanga amadutsa.

Zina n'zathu zomwe. Mu December 1993, a Payoniya atawombera asilikali ku Mzuzu, gulu lankhondo lidachita Operation Bwezani, kulanda zida za Malawi Young Pioneers m'dziko lonse. Ambiri mwa a Payoniyawo adathawira ku Mozambique, ena atanyamula mfuti. Akuluakulu a ku Liwonde akukumbukiranso February 1965, pamene anthu a Henry Masauko Chipembere adathyola posungira zida ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, n'kubwera nazo mpaka padoko la Liwonde, pamene adapeza pantoni ili tsidya lina. Mfuti imakhalitsa kuposa mkangano umene udaibweretsa. AK-47 yopakidwa girisi n'kukulungidwa bwino imatha kukhala pansi zaka makumi angapo, n'kufukulidwa ikulirabe.

Ndiye tiyerekeze kuti mukusosa kapena kukumba zitsa m'mphanje, khasu lagunda chinthu n'kumveka ngwee. Mwapalasa dothi, mwaona pulasitiki wakuda kapena chithumba chowola, m'kati muli chitsulo chadzimbiri, mwina tizitsulo tachikasu tosongoka, mwina chinthu chobulungira chokhala ndi kamphete. Siyani pomwepo. Musachitukule, musachigogode kuti muchotse dzimbiri, musachiponye pamoto, ndipo musaganize zokagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Bomba lakale limaphulika ngakhale litachita dzimbiri. Thamangitsani ana, zikani ndodo kapena nthambi patali pang'ono kuti malowo adziwike, wina atsale akuyang'anira, ndipo inu pitani kwa a mfumu mukaimbire limodzi apolisi pa 997, kapena polisi imene muli nayo pafupi. Wotola mwangozi n'kukanena alibe mlandu. Mlandu umayamba pamene mwachinyamula n'kukachisomeka kudenga kuti mwina chidzathandiza tsiku lina.

Amene ali ndi mfuti kale kudengako, njira yoitulutsa ilipo. Musaikulunge m'thumba n'kukwera nayo kabaza kupita ku Balaka, chifukwa mukakumana ndi rodibuloko panjira, palibe adzakhulupirire kuti mumakaipereka. Yambani mwauza munthu wodalirika, a gulupu, abusa, a shehe kapena wapampando wa chitetezo cha m'mudzi, kuti apite nanu kukadziwitsa mkulu wa polisi, ndipo apolisi abwere okha kudzaitenga pali mboni. Pemphani kalata yosonyeza kuti mwaipereka mwa kufuna kwanu, yolembedwa tsiku ndi nambala ya mfutiyo. Bungwe la African Union lidakhazikitsa mu 2017 kuti September aliyense akhale mwezi wobweza mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu, choncho funsani kupolisi za ndondomeko ya chaka chimenecho musanachite kanthu.

Anzathu a ku Mozambique adationetsa kuti zimatheka. Kuyambira 1995, bungwe la mipingo yachikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, lidayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo ankazidula pamaso pa anthu kuti zisadzabwererenso. Ndipo pangano la mayiko a SADC loletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo lidasainidwa kwathu konkuno, ku Blantyre, pa 14 August 2001. Tili ndi chifukwa chofunsira aphungu athu kuti lamulo la 1967, lolembedwa AK-47 isanafike m'midzi yathu, lidzakonzedwa liti kuti lifanane ndi zimene tidasainira.

Tibwerere kwa bambo wa mbuzi uja. Lamulo limalola munthu kudziteteza, koma mphamvu imene wagwiritsa ntchito ilingane ndi choopsa chimene wakumana nacho. Kuwombera wakuba chimanga amene akuthawa, msana uli kwa inu, ndi mlandu wakupha, laisensi ilipo kapena palibe. Ndiponso mfuti ya m'nyumba imakhala masiku ambiri osaona mbava. Imene imaona tsiku ndi tsiku ndi mikangano ya m'banja, kachasu wa Loweruka, milandu ya malire a munda, ndi ana osewera makolo ali kudimba. Mbava zenizeni zikamva kuti nyumba yakuti muli mfuti, zimabwera kudzafuna mfutiyo. Chimene chimateteza mudzi ndi kulondera mosinthana, wenzulo ndi foni, makalata a a mfumu ndi alangizi a ziweto poyendetsa ng'ombe kapena mbuzi, ndi kufunsa ogulitsa nyama kumene aitenga. A chitetezo cha m'mudzi ntchito yawo n'kugwira n'kupereka kupolisi. Alibe chilolezo chonyamula mfuti, kumenya, kapena kuotcha munthu.

Wosungira m'bale wake mfuti, kunena kuti "ndi mwana wanga, ndingamupereke bwanji," adziwe kuti kuba moopseza ndi chida, malinga ndi ndime 301 ya Penal Code, chilango chake chimafika pa kukhala m'ndende moyo wonse ngakhale kuphedwa kumene, ndipo wosunga chidacho amalowa nawo m'mlandu.

Mayiko amene adaonapo munthu mmodzi akupulula anthu ambiri nthawi imodzi adaphunzira mowawa. Ku Dunblane, ku Scotland, pa 13 March 1996, munthu adapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pasukulu, pogwiritsa ntchito mfuti zimene adali nazo ndi laisensi, ngakhale anthu adali atadandaulapo kale za khalidwe lake. Chaka chotsatira Britain idaletsa anthu wamba kukhala ndi mapisito. Ku Port Arthur, ku Australia, anthu 35 adaphedwa mu April 1996, ndipo boma lidagula n'kuphwanya mfuti zoposa 600,000. Ku Christchurch, ku New Zealand, pa 15 March 2019, munthu adapha Asilamu 51 m'mizikiti iwiri pa tsiku la Ijumaa, ndipo mwezi usanathe nyumba ya malamulo idaletsa mfuti za mtundu umene adagwiritsa ntchito. Nkhani ya ku Dunblane ikutikhudza kwambiri, chifukwa odziwa kuti munthu wayamba kuopsa amakhala anansi ake. Mwamuna akamanena kuti "ndidzakuwombera" kwa mkazi wake, zimenezo si nkhani za m'banja zokathera kwa ankhoswe. Mayiyo, kapena aliyense wakumva, apite ku ofesi ya Victim Support Unit kupolisi, akanene mosabisa kuti m'nyumbamo muli mfuti, ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limamulola kupempha khoti la majisitireti chikalata chomuteteza.

Anyamata athu ambiri a ku Balaka, Machinga ndi Mangochi ali ku Joni, ndipo amadziwa bwino mmene dziko limakhalira mfuti zikachuluka. Mu July 2022 anthu 16 adaphedwa pamalo omwera mowa ku Orlando, ku Soweto. Mu September 2024 anthu 18 adaphedwa ku Lusikisiki. Mu 2016 khoti kumeneko lidagamula mkulu wina wa polisi, Christiaan Prinsloo, zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti pafupifupi 2,000 zimene zidayenera kuphwanyidwa, zomwe zidakathera m'manja mwa magulu a zigawenga ku Cape Town. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Matransipota ndi onse obwera kumudzi, musalandire katundu womatamata amene simudaone m'kati mwake, chifukwa pachipata cha Mwanza kapena Dedza woyankha ndi amene wanyamula.

Tsopano pali mbali ya nkhaniyi imene ambiri amaizemba. M'mbiri ya dziko lino, masiku amene anthu ambiri adawomberedwa nthawi imodzi, mfuti zake zidali za boma. Pa 3 March 1959, padoko la Nkhata Bay, asilikali a boma la atsamunda adawombera khamu limene lidasonkhana pofuna abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Lipoti la Devlin lofufuza nkhaniyi lidawerenga anthu 20 ophedwa pamalopo, eni dera amati adaposa 30, ndipo ndilo tsiku limene timakumbukira chaka chilichonse. Mu May 1992, pa zipolowe zimene zidayamba ndi sitiraka ya ogwira ntchito ku Blantyre, anthu pafupifupi 40 adafa. Pa 20 ndi 21 July 2011, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, anthu 20 adafa pa zionetsero, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, komwe ena adaikidwa kumanda a Zolozolo. Komiti yofufuza imene idapereka lipoti lake mu 2012 idapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. Za 2011 zimenezi zidachitika tili kale ndi ndime 16 ya malamulo aakulu ija.

Kunena zimenezi si kudana ndi apolisi. Ambiri mwa iwo ndi ana athu, ogwira ntchito yoopsa pa malipiro ochepa, ndipo akamathamangitsana ndi achifwamba usiku timawayamikira. Koma wapolisi naye mfuti adachita kupatsidwa ndi lamulo, ndipo lamulolo lidamuikira malire. Ndime 44 ya Police Act ya 2010 imatchula nthawi zochepa zimene angaigwiritse ntchito: pamene womangidwa pa mlandu waukulu akuthawa, pamene wina akufuna kuthawitsa womangidwa mwankhondo, kapena pamene wina akulimbana ndi apolisi mwamphamvu kuti asamangidwe. Ngakhale pamenepo, ayenera kukhala kuti njira ina yasowa, pothawapo ayambe wachenjeza, ndipo cholinga chikhale kufooketsa munthuyo, osati kupha. Mfundo za United Nations za 1990 zimapitirira apo: kuwombera kofuna kupha n'kololedwa pokhapokha palibiretu njira ina yopulumutsira moyo wa munthu. Ndime 105 ya Police Act imalolabe mfuti pa zionetsero pofuna kuteteza katundu, ndipo ine ndikuti imeneyi iyenera kukonzedwa. Sitolo yootchedwa eni ake amamanganso, ndipo wootchayo khoti lilipo loti limulange.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Ndime 38 ya malamulo aakulu imatipatsa ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero, koma mwamtendere ndiponso opanda zida. Okonza zionetsero amadziwitsa bwanamkubwa wa boma, monga wa Balaka kapena wa Machinga, kusanatsale maola 48. Chikwanje, legeni, mpeni ndi mwala zonsezo ndi zida. Wobwera nazo amaika pangozi mayi woyenda pambali pake, chifukwa amapereka chifukwa kwa wofuna kuwombera. Wandale amene akupatsani chikwanje ndi kandalama kuti mukabalalitse anzanu sadzabwera kudzakuonani kundende ya Zomba.

Zikachitika kuti m'bale wanu wawomberedwa ndi wapolisi, kapena ndi wina aliyense wa yunifolomu, choyamba n'kuthamangira naye kuchipatala. Mtima ukangokhala pansi, lembani zonse zisanaiwalike: tsiku, nthawi, malo, nambala ya galimoto, dzina kapena nambala ya wapolisiyo ngati idaoneka, ndi maina a amene adaona. Makoko a zipolopolo ajambuleni pafoni pomwe agwerapo, musawatole. Dandaulo mukhoza kukalipereka ku Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha limene ndime 128 ya Police Act idakhazikitsa kuti lizifufuza imfa ndi kuvulala kochitika m'manja mwa apolisi. Lamulo lidalipo kuyambira 2010, koma komishonala woyamba, a Christopher Tukula, adasankhidwa mu 2020, patatha zaka khumi anthu akudikira. Bungwe la Malawi Human Rights Commission nalo limalandira madandaulo otere, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza wosowa ndalama ya loya kukasuma kukhoti kuti banja lilandire chipepeso. Milandu yotere ili ndi malire a nthawi, choncho musadikire kuti chaka chitembenuke.

Munthuyo akamwalira, pamakhala chiyeso chachikulu. Chisoni chimafuna kuti maliro aikidwe msanga, ndipo kwa abale athu achisilamu mwambo umafuna kuti asagonetse. Wina akhozanso kubwera ndi bokosi, thumba la ufa ndi envelopu, n'kunena kuti nkhani ithere pomwepo. Chithandizo cha pamaliro landirani ngati mwafuna, koma musasaine pepala lililonse limene simudalimvetse, ndipo limbikirani kuti dokotala apime thupi lisanapite kumanda. A shehe kapena abusa akhoza kuthandiza kufulumizitsa zimenezi kuti mwambo usachedwe kwambiri. Pemphani kope ya lipoti la dokotalayo, losonyeza pamene chipolopolo chidalowera ndi pamene chidatulukira, muisunge kwa munthu wodalirika kunja kwa nyumba ya maliro, ndipo ina mupite nayo pokapereka dandaulo.